Pa training ndi mkango, tsiku la gemu miyendo imafa: kodi mtima wa mpira ndi chibadwa?

Coach_waBangwe

Moni nonse am'gulu. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa mtendere, mwina alipo amene anakumanapo nazo.

Ine ndimaphunzitsa mpira anyamata a zaka 13 mpaka 15 kuno ku Bangwe. Musaganize za timu ya ndalama ayi. Ntchito yanga ndi yowotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo, ndiye ikakwana 4 koloko ndimatseka shedi n'kutsetserekera pabwalo la fumbi kuseri kwa sukulu ya pulayimale. Mipira tili nayo itatu, umodzi wasokedwa kawiri. Makoni athu ndi mabotolo odzaza mchenga.

Pa anyamata 22 amene ndili nawo pali mmodzi amene anzake amamutcha Mpheta chifukwa cha kuchepa thupi. Ali Sitandade 8. Salankhulalankhula, ukamufunsa kanthu amayankha akuyang'ana pansi. Koma mwendo wake wamanzere, abale, ndi wa munthu wamkulu. Lachinayi lililonse timamaliza ndi mapenate, ndipo pa 10 iye amagoletsa 8 kapena 9. Goloboyi wathu amadziwiratu mbali imene mpira ukupita koma saupeza.

Mu Ogasiti tinafika mu fainolo ya bonanza imene anakonza mkulu wina wa bizinesi kuno. Mphoto inali K120,000 ndi majezi. Gemu inatha 1-1, tinapita ku mapenate, ndipo ine ndemwe ndinamuika Mpheta kukhala wachisanu. Mukudziwa mmene zimakhalira m'mabwalo athu: ikafika nthawi ya mapenate anthu onse amalowa m'bwalo, a kabaza, amayi a mandasi, ana, mpaka pamangotsala kanjira kochokera pa mpira kukafika pagolo. Refa atangoliza wezulo mwana uja anathamanga ngati wathamangitsidwa ndi galu, phazi linayamba lakumba dothi, mpira n'kugubuduzika pang'onopang'ono mpaka m'manja mwa goloboyi. Kuseka kwake kunamveka mpaka kumsika. Ine, Mulungu andikhululukire, ndinaponya chipewa pansi iye akuona. Mpaka lero tiana ta m'dera tikamuona timakuwa kuti "wakumba mbatata!"

Chichokereni tsiku limenelo tasewera magemu 6, ndipo sanamenyeko mpira kulunjika pagolo ndi kamodzi komwe. Amatha kutsala awiriwiri ndi goloboyi, n'kutembenuka kupatsira mnzake wa kumbuyo. Gemu isanayambe amapita kuseri kwa chulu kawiri katatu, akuti m'mimba mukupotokola. Lachinayi likafika, 8 pa 10 monga kale.

Ndayesa njira ziwiri. Poyamba ndinkamukalipira: "Ndiwe mwamuna iwe, ukuopa chiyani?" Sizinathandize. Kenako ndinalengeza kuti aliyense wogoletsa pa gemu ndizimupatsa K2,000 ya m'thumba mwanga, poganiza kuti ndalama imudzutsa. Mmalo mwake anyamata ena aja anasiya kupatsirana, aliyense akumenya ngakhale ali pakona, ndipo awiri anatsala pang'ono kugwirana pakhosi polimbirana kuti wagunda mpira komaliza ndani. Mpheta sanalandireko ngakhale tambala. Sabata yatha ndinawauza kuti ndalama palibe, magetsi akhala akuzimazima ndipo ntchito sinayende. Lachiwiri ku training kunabwera ana 15 okha.

Wondithandizira wanga akuti mtima wa mpira munthu amabadwa nawo, wamantha ndi wamantha basi, ndimubweze kumbuyo azikatchinga kapena ndingomusiya. Amalume ake a mwanayo akuti a timu imene tinasewera nayo fainolo ija anamumanga miyendo, poti anawaona akuwaza madzi pagolo. Inu mukuti bwanji? Ndi chibadwa? Nanga m'dzenje la ndalama ndadzikumbirali ndituluka bwanji?

Mdala_Number5

A Coach, ine ndasewera kumbuyo zaka 11 mu mpira wa m'makampani, mawondo angawa ndi mboni. Ndinaona anyamata aluso kuposa ena amene mumawaonera pa TV, koma akangomva ng'oma ya masapota ankasanduka nkhuku yovumbwa. Enafe luso linali lochepa, koma khamu likamatitukwana m'pamene magazi ankayenda bwino. Ndiye ine ndili mbali ya wothandizira wanuyo, anthu sitinaumbidwe mofanana. Muikeni pabenchi magemu atatu, akaumva kuwawa adzadzuka yekha.

Za kumangidwa miyendozo ndisekeko. Ife tinkalowa m'bwalo podumpha mpanda kuopa pageti, tinatemeredwa mphini m'mapazi, tsiku lina tinagona osasamba, mawa lake n'kuchinyidwa 4-0. Chokhacho ndingavomere n'choti ukatemeredwa umalowa m'bwalo wopanda mantha, chigawo choyamba umasewera ngati chiwanda. Koma pa ndalama paja munalakwitsa. Mwana wa zaka 14 salipidwa chigoli.

Aphunzitsi_aPE

A Coach, pepani ndilemba motalika. Ndimaphunzitsa masewera pa sekondale ina ku Dedza, ndipo ana ngati Mpheta ndimakumana nawo chaka ndi chaka, makamaka atsikana oponya zigoli pa ntchemberembaye.

Mdala, ulemu wanu, koma benchi ndiye imumaliza mwanayu. Iye akudziuza kale kuti ndi wolephera, benchiyo ingomudindira chidindo.

Tiyambe ndi 8 pa 10 ija. Luso lilipo, ndipo miyendo sinamangidwe, chifukwa chingwe chomanga Loweruka lokha n'kumasuka Lachinayi sindinachionepo. Chimene chathawa ndi china. Albert Bandura, katswiri wa kaganizidwe ka munthu wa ku yunivesite ya Stanford ku America, analemba mu 1977 za chimene anachitcha self-efficacy, kutanthauza chikhulupiriro chimene munthu amakhala nacho choti ntchito yakutiyakuti aikwanitsa. Si kudzikhulupirira pa zonse ayi, ndi pa ntchito imodzi. Iye ankathandiza anthu oopa njoka mopitirira muyeso. Sankangowauza kuti "musaope". Ankayamba aonerera wina akuigwira, kenako ankayandikira, kenako kuikhudza atavala magolovesi, mpaka kuinyamula ndi manja. Anati chikhulupirirochi chimachokera malo anayi. Champhamvu kuposa zonse ndi zimene iwe mwini unachitapo n'kukwanitsa. Kenako kuona munthu wofanana nawe akukwanitsa. Mawu a anthu ena ndi achitatu, ndipo paokha salimba. Chachinayi ndi mmene umamasulira zimene thupi lako likuchita, monga kugunda kwa mtima ndi m'mimba muja. Inu a Coach mwakhala pa chachitatucho, mawu akenso okalipa.

Tawerengani tsopano mmene Mpheta akuwerengera. Mapenate a Lachinayi, opanda phokoso, wagoletsa mazanamazana. Penate ya pakati pa khamu, K120,000 ili pamutu pake, wamenya imodzi yokha chibadwire, anaphonya, anthu anaseka, kochi wake anaponya chipewa. Kwa iye izi ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo pa yachiwiriyo ali ndi 0 pa 1.

Kukumba dothi kuja kuli ndi chifukwa chake. Sian Beilock ndi anzake anayesa osewera mpira odziwa bwino: powadutsitsa ndi mpira pakati pa makoni, anawauza kuti aziganizira mbali ya phazi imene ikugunda mpira. Anachedwa kuposa pamene maganizo awo anali pa zina. Mantha amachita zomwezo, amabweza maganizo ku phazi, ndiye chinthu chimene thupi limachita lokha umayamba kuchiyang'anira ngati wophunzira kumene. Kuthamanga wezulo itangolira nakonso si kwa Mpheta yekha. Geir Jordet wa ku Norway anaonera mavidiyo a mapenate a m'mipikisano ikuluikulu ngati World Cup, n'kupeza kuti ofulumira kumenya wezulo itangolira amaphonya kawirikawiri kuposa amene amayamba aima pang'ono. Kufulumirako ndi kufuna kuti zowawazo zithe msanga.

Ndikanakhala inu ndikanabweretsa njokayo pang'onopang'ono. Lachinayi siyani zomenya mapenate 10. Aliyense imodzi yokha, achokere pakati pa bwalo akuyenda yekha monga pa fainolo. Sabata yoyamba anzake apange kanjira kaja koma ali chete. Yachiwiri azikuwa. Yachitatu itanani tiana ta mbatata tija ndi amayi a mandasi. Muphunzitseni kachitidwe kamodzi kosasintha: asankhe mbali asanaike mpira pansi, abwerere masitepe ake omwewo, wezulo ikalira apume mpweya umodzi wautali, ayang'ane pamene akufuna kuti mpira ukagwere, amenye. Pa gemu musamupemphe chigoli, chigoli sichili m'manja mwake yekha. Muuzeni kuti ntchito yake ndi kumenya katatu kulunjika pagolo, ukapita kumwamba mlandu ndi wanu.

Za m'mimbazo muuzeni zoona, kuti ndi thupi likukonzekera nkhondo, magazi akuchoka m'matumbo kupita ku minofu, ndipo akuluakulu omwe zimawachitikira. Mufotokozereni za Asamoah Gyan. Mu 2010 ku Johannesburg, Ghana ikusewera ndi Uruguay, Suárez wa Uruguay atagwira mpira ndi manja pamzere wa golo, Gyan anamenyetsa penate pamtanda wa golo pa mphindi yomaliza, Africa yonse ikuonerera. Patangopita mphindi zochepa, pa mapenate, iye yemweyo ndiye anayamba kumenya ku mbali ya Ghana, ndipo anagoletsa.

Chomaliza, chipewa chija. Mwana anachiona. Kamupepeseni.

NaPhiri_Leeds

A Coach, ine za penate sindidziwa, ndine namwino kuno ku Leeds. Koma za K2,000 zandikumbutsa zimene tinaphunzira ku koleji, komanso zimene zinandichitikira ine mwini.

Mu 1973 Mark Lepper ndi anzake awiri anatenga ana a ku nazale okonda kujambula. Ena anawalonjeza satifiketi yokhala ndi riboni akajambula, ena sanawalonjeze kanthu. Patapita masiku anawasiyira zojambulira kuti aziseweretsa mwaufulu, ndipo olonjezedwa aja ankajambula mochepa kuposa anzawo. Chinthu chimene ankachita chifukwa chochikonda chinasanduka ganyu, ndipo ganyu wopanda malipiro ndani amamugwira? Anyamata anu ankabwera pa fumbi lija opanda wowalipira. Inu munawalemba ntchito, kenako bwana n'kunena kuti kampani ilibe ndalama.

Edward Deci ndi Richard Ryan a ku yunivesite ya Rochester amati munthu amalimbikira chinthu kuchokera mumtima akamapeza zitatu: kuti akudzisankhira yekha, kuti akuona kuti akutha ndipo akupita patsogolo, komanso kuti ali pakati pa anthu omufuna. Ine adokotala atandiuza kuti BP yakwera ndinalipira gym, ndinapitako maulendo 5, kuzizira kutayamba ndinasiya. Kuntchito kunabwera mpikisano wowerenga masitepe, wopambana alandira vocha ya mu shopu. Ndinayenda ngati wamisala mwezi wonse, mpikisano utatha nanenso ndinathera pomwepo. Chimene chandigwira ndi parkrun ya ku Woodhouse Moor, makilomita 5 Loweruka lililonse 9 koloko m'mawa, yaulere, yopanda mphoto. Mnzanga wa ku Zimbabwe ndiye anandikokera. Tsiku loyamba ndinatenga mphindi 46, pano ndili pa 34. Palibe amene ndimamuposa amene ndimamukumbukira, ndimangopikisana ndi NaPhiri wa sabata yatha, ndipo ndikajomba agogo ena achizungu amafunsa kuti ndinali kuti.

Sindikunena kuti ndalama ndi tchimo. Temwa Chawinga amalipidwa ku Kansas City, ndipo zigoli 20 zimene anagoletsa mu ligi ya ku America mu 2024 ndi ntchito yoyenera malipiro. Koma sindikhulupirira kuti ali kamtsikana ku Rumphi ankathamangira mpira chifukwa wina wamulonjeza kanthu. Komanso taonani chimene K2,000 yanu inawauza otchinga kumbuyo ndi goloboyi: kuti thukuta lawo ndi laulere. Kwa Mpheta inangowonjezera katundu pa chigoli chimene chinali cholemera kale.

Akhazikeni pansi, muwauze poyera kuti munalakwitsa. Ikapezeka ndalama izilowa m'thumba la timu, iwo omwe asankhe ngati agula mpira kapena mabanzi. Gulani kope la masamba 40, mwana aliyense tsamba lake, muzilemba zake zokha: mwezi watha ankadodometsa mpira m'mwamba kangati usanagwe, pano kangati. Ndifunseko, mwa ana 7 amene ajombawo, angati ndi amene ankalandira ndalama?

Coach_waBangwe

Mayi NaPhiri, mwandigwira pakhosi. Mwa 7 aja, 5 ndi amene analandirapo. Otchinga kumbuyo onse akubwerabe.

Aphunzitsi, ndawerenga katatu. Zopepesa mwana wa Sitandade 8 zikundilemera, ife sitinakule choncho, koma ndamva. Pamene sindikukhutira ndi apa: ndili ndi mnyamata wina, kaputeni wathu, anaphonyanso penate chaka chatha anthu akuonerera, madzulo omwewo anali akuseka pa chiwaya cha tchipisi. Bwalo lomwelo, kochi yemweyo, khamu lomwelo. Ngati si chibadwa, n'chiyani chikuwasiyanitsa?

WakuChipata_2012

A Coach, ine wa ku Chipata ndiyankheko ndi zathu. Fainolo ya Africa Cup mu 2012 ku Libreville ku Gabon, Chipolopolo yathu ya Zambia ndi Ivory Coast. Ndani mu Africa muno anganene kuti Didier Drogba anabadwa wamantha? Koma chigawo chachiwiri anapatsidwa penate n'kuiponya kumwamba. Pa mapenate omaliza Kolo Touré ndi Gervinho anaphonya, wathu Rainford Kalaba nayenso anaphonya, goloboyi Kennedy Mweene anamenya yake n'kugoletsa, Stoppila Sunzu n'kumalizitsa 8-7.

Chimene sindiiwala ndi choti anyamata athu ankayimba nthawi yonse ya mapenate, atagwirana pakati pa bwalo. Masiku ochepa m'mbuyomo anapita kugombe la nyanja kukaika maluwa pafupi ndi pamene ndege inagwera mu 1993 ndi timu yathu. Womenya aliyense ankadziwa kuti kumbuyo kwake kuli anthu. Mpheta wanu ataphonya, ndani anapita kukamutenga pa mpira paja? Ndikukayika ngati alipo.

Aphunzitsi_aPE

A Coach, kusiyana kulipo, pamenepo Mdala sananame. Ana ena amatengeka msanga ndi nkhawa ndipo cholakwa amachibwereza m'mutu masiku ambiri, ena chimawadutsa ngati madzi pa tsamba la koko. Koma m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 ku America anayesa kupanga mafunso oti azisankhira osewera potengera khalidwe lawo, ndipo sizinaphule kanthu kwenikweni, chifukwa pakati pa akatswiri pali aphee ndi aphokoso omwe. Yuri Hanin wa ku Russia anapeza kuti wosewera aliyense ali ndi mlingo wakewake wa kutentha mtima umene amasewera nawo bwino. Mdala ankafuna kutukwanidwa kuti ayake. Kaputeni wanu mwina ndi chimodzimodzi. Mpheta amafika pabwalo atayaka kale, inu n'kuthirapo parafini ndi mawu aja akuti "ndiwe mwamuna". Gemu isanayambe musiyeni atenthetse thupi pambali ndi mnzake mmodzi, musamukakamize zokuwa ndi kudzimenya pachifuwa. Kuyang'ana pansi polankhula mwina adzakula nako. Kutembenuka ali awiriwiri ndi goloboyi kwayamba mu Ogasiti.

Coach_waBangwe

Ndabweranso patatha masabata atatu.

Ndinapita kwawo Lamlungu madzulo, mayi ake akusankha nyemba pakhonde. Kupepesa kwanga kunali kokhotakhota, ndinayamba ndi nkhani ya mayeso ake. Nditafika pa chipewa mwana uja anangoti phee, kenako n'kufunsa kuti K120,000 ija adzabweza liti. Anyamata awiri akuluakulu anamuuza kuti ndi ngongole yake ku timu, ndipo miyezi yonseyi wakhala akuisenza. WakuChipata, munanena zoona, tsiku lija palibe anapita kukamutenga. Anachoka pabwalo yekha, nsapato zili m'manja.

Kanjira kaja tikupanga. Sabata yoyamba, anzake ali chete, anaphonya. Yachiwiri anagoletsa. Yachitatu ndinaitana tiana tija, tinakuwa za mbatata mpaka mawu kusasa, iye anaima, ndinaona mapewa akutsika, mpira unalowa pakona yakumanja. Sanasangalale, anangobwerera pamzere.

Loweruka tinasewera ndi timu ya ku Chigumula, tinagonja 2-1. Mpheta anamenya katatu monga tinapanganirana. Woyamba unakagwera m'munda wa chimanga, wachiwiri goloboyi anagwira, wachitatu unagunda mtengo wa golo. Chigawo chachiwiri tinapatsidwa penate. Anayang'ana kwa ine, kenako anatola mpira n'kupatsa kaputeni. Chipewa ndinachigwira ndi manja awiri, sindinalankhule.

Mwa 7 aja abwerera 4. Atatu apita ku timu ina imene akuti ikupereka K1,500 pa chigoli. Kope ndagula, thumba la timu lili ndi K6,500 ndipo anyamata avotera pampu, osati mabanzi, zimene zandidabwitsa. Amalume aja anamupatsa kanthu koika mu sokosi, ndinakaona koma ndinangoyang'ana kumbali. Lachinayi likubwerali ndi la amayi a mandasi. Avomera kubwera, koma akuti pokhapokha ndikagule mandasi a K3,000.